Dzuwa Lopanda Phiri

M'mawa uliwonse, nkhuku zikangotsika, amalume a Tobias ankatuluka ndi kapu yawo yobiriwira n'kukaima kumapeto kwa khonde, maso ali kuchidikha. Sankalankhula ndi munthu. Ankadikira kuti dzuwa lituluke theka, likhale pamzere paja pamene minda ya mpunga imathera. Likatero ankapisa dzanja m'thumba la jekete, kutulutsa timapiritsi toyera, kuponya m'kamwa, madzi pambuyo. Akameza ankati, "Walowa Babitoni," ngati akulengeza mlendo. Kukakhala mitambo ankangoyerekeza nthawi, koma tsiku lotero ankakhala onyinyirika ngati wina wawabisira wotchi.

Dzina lenileni la mankhwalawo ndi fenobabitoni, mankhwala a khunyu. Amalume analidula mutu dzinalo n'kutsala ndi Babitoni, ndipo ankamutchula ngati munthu wa m'mudzi mwathu. "Babitoni ndi mnzanga wabwino," ankatero, "koma ndi mlesi. Akafika amafuna tonse tikhale pansi."

Matendawa sanabadwe nawo. Chaka cha referendamu, pamene anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala, iwo anali mnyamata wonyamula thonje ku Golomoti. Tsiku lina anagwa palole, mutu n'kumenyetsa pamwala. Bala linapola, koma patapita miyezi anayamba kugwa popanda lole. Anagwapo kumunda, kumsika, ndiponso kamodzi pamoto, ndiye pamkono wawo wamanzere pali chipsera chachikulu chosalala. Masiku amenewo anthu ankati khunyu imapatsirana m'malovu, choncho anawapatulira kapu yawoyawo. Kapu yobiriwira ija ndi mdzukulu wa kapu imeneyo. Lero palibe amene amaopa kumwera pamodzi nawo, koma iwo ndi amene amakaniza. "Munandipatsa nokha," amatero. "Mfumu sabwereketsa mpando."

Anayenda kwa asing'anga angapo, anatemeredwa mphini mpaka msana unafanana ndi lichero. Amene anathetsa maulendowo ndi azakhali a Enifa, akazi awo. Anakwatiwa nawo akudziwa zonse, ndipo ukwati usanazizire anawakokera kuchipatala. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Babitoni. Kuyambira pamenepo kugwa kunachepa, kenaka kunatheratu. Zaka zinadutsa osagwa ngakhale kamodzi.

Koma Babitoni sanabwere yekha. Anabwera ndi tulo.

Amalume amaluka malichero ndi madengu a nsungwi pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wa tara kufupi ndi Mtakataka. Manja awo ndi aluso, lichero lawo silidontha ngakhale gaga. Vuto linali loti dzuwa likangokwera pang'ono, mutu unkayamba kulemera. Ankaluka mzere umodzi, kusinza, kuluka wina, kusinza. Mbuzi zinazolowera kudzanunkhiza nsungwi pamiyendo pawo. Ogula akatsika m'galimoto ankayamba aodira ngati afika pakhomo. Ukawagwedeza paphewa ankadzidzimuka n'kunena msangamsanga kuti, "Ndikumva, ndikumva!" Sipanatenge nthawi, dzina la Tobias linatsala la kutchalitchi kokha. Kumsewu konse anali a Ndikumva.

Nkhani zawo zilipo zambiri. Ku mphakati anawapempha tsiku lina kuti atseke ndi pemphero. Anatseka maso bwinobwino, anayamba bwinobwino, anapempherera odwala ndi mvula, kenaka zii. Anthu anadikira ataweramitsa mitu, poganiza kuti abambowa alowa mozama. Ameni anachokera kwa azakhali, limodzi ndi chigongono. Amalume ankaseka nawo nkhani zoterezi, nthawi zina n'kuwonjezerapo zimene ena aiwala. Kuchipatala akapita kukatenga mapiritsi ankafunsidwa kuti, "Mankhwala akukuyanjani?" Iwo ankayankha kuti, "Kwambiri, zikomo." Za tulo sanatchulepo. Ankati munthu amene wakuchotsa pamoto sumufunsa chifukwa chake manja ake ali ozizira.

Nditamaliza Folomu 4 ndinabwerera kumudzi, ndipo chaka chomwecho mkulu wanga Fagness anabweretsa mawu akuti mnyamata wina wa ku Golomoti, Lovemore, akufuna banja. Amayi ali ndi mlongo mmodzi yekha, amalume a Tobias. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo unkhoswe wa Fagness unali wawo popanda wofunsa.

Masana ena amayi ndi Fagness anakhala pakhonde la azakhali akutongola chimanga. Amalume anali pampando wawo chapafupi, chipewa chili kumaso.

"Koma amayi," anatero Fagness motsitsa mawu, "anthu a ku Golomoti aja ndi olankhula. Nanga akadzafunsa funso, amalume n'kuyankha ndi mkonono?"

"Ndaganizapo," anatero amayi. "Mwina tipemphe wina wa kwa agogo aang'ono kuti adzalankhule. Achimwenewa adzangokhala pampando, ulemu wawo udzakhalapobe."

Ine ndinali kuyang'ana chipewa chija. Sichinagwedezeke, koma chala chachikulu cha kuphazi chinaleka kusewera ndi patapata. Tsiku limenelo a Ndikumva anali akumvadi.

Madzulo anaitana amayi. Sanakalipe. Anangoti, "Mlongo wanga, mwana wako ndinamunyamula ali wofiira. Pa chinkhoswe chake ndidzalankhula ndine. Tulo undisiyire, ndikambirana nato." Amayi anachita manyazi, anavomera.

Masiku otsatira mudzi unaona zodabwitsa. Amalume sankasinzanso. Ankaluka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madengu n'kuunjikana pansi pa mango. Oyendetsa kabaza ankaima kuti aone bwino.

"A Ndikumva, mwadya chiyani? Kapena mwabadwanso mwatsopano?"

"Ndine nkhoswe, iwe. Nkhoswe sagona."

Amayi anasangalala, Fagness nayenso. Koma ine ndinkaona kuti zala zawo zikunjenjemera akamalowetsa nsungwi, ndipo ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Anakalipira mbuzi imene anakhala nayo mwamtendere zaka zonsezi. Azakhali anati usiku akungotembenuka pamphasa ngati chimanga chokazinga.

Nthawi yomweyo panadwala nkhuku. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti, ndipo azakhali anali atasankha kale msoti woyera, wonenepa, umene ankaupatsa madeya paokha. Msotiwo unayamba kuyenda ngati wachokera ku mowa. Unkapita pang'ono, kuima, maso n'kutsinzina, kenaka kukhala pansi pakati pa bwalo dzuwa lili pamutu. Madzulo unkatsitsimuka, mawa lake zomwezo.

"Chitopa ichi," anatero azakhali. "Tiuphe usanapatsire zinzake. Ireen, tenga mpeni."

Ine sindine wolankhula pagulu, ngakhale gulu la anthu awiri. Koma m'mawa wa tsiku limenelo ndinali nditalawirira kusesa, ndipo ndinaona. Amalume anaima pamalo awo, dzuwa linakhala pamzere, dzanja linapita kukamwa, koma linangodutsa m'mbali mwa tsaya. Timapiritsi tinagwera kuseri kwa khonde, iwo n'kukankhirapo dothi ndi phazi. Anamwa madzi okha, nati mokweza, "Walowa Babitoni." Atangochoka, msoti uja unathamangira pomwepo n'kuyamba kupalasa ngati wapangana nawo.

"Azakhali," ndinatero, mpeni uli m'manja, "nkhukuyi sikudwala chitopa."

"Nanga ikudwala chiyani, adokotala?"

"Ikumwa mankhwala a amalume."

Azakhali anandiyang'ana, anayang'ana msoti umene unali kusinza pamapazi awo, kenaka anapita kuseri kwa khonde n'kufukula ndi chala. Anapeza kapiritsi kamodzi kodetsedwa. Sanaseke. Anamanga chitenje bwino n'kulunjika kumsewu, ine pambuyo.

"Bambo a Mwayi," anatero atafika pansi pa mango. Mwayi ndi mwana wawo woyamba. "Kodi khunyu yasamukira kwa nkhuku?"

Amalume sanadzutse mutu. "Mukunena chiyani, mayi a Mwayi?"

Azakhali anatambasula dzanja. Amalume anayang'ana kapiritsiko nthawi yaitali, ngati akuyesa kukumbukira kumene anakaonapo.

"Ndamupatsa tchuthi," anatero pomaliza. "Wagwira ntchito zaka zambiri osapuma. Chinkhoswe chikatha abwerera."

"Tchuthi! Mkono uwo mwauiwala? Mukufuna mukagwe pamaso pa anthu a ku Golomoti?"

"Kugwa ndi matenda, anthu amamvetsa. Kusinza ndi ulesi, anthu amaseka. Mwana wa mlongo wanga akwatiwe ngati alibe amalume, ine ndili moyo? Ayi. Matenda aja anatha kale, zaka zonsezi mwandionapo nditagwa?"

"Simunagwe chifukwa cha yemweyo mwamupatsa tchuthiyo!"

Anakangana mpaka ogula anafika. Amalume analonjeza kuti aganiza, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake.

Sanapatsidwe nthawi yoganiza. Masana omwewo, ine ndikuwapatsira madzi, anaima mwadzidzidzi pakati pa mawu, maso n'kuyang'ana kumbali. Anafuula kamodzi, thupi linauma, n'kugwera pamadengu. Ndinali ndisanaonepo. Azakhali anafika akuthamanga, anakankhira kutali mpeni wosendera nsungwi, anapinda chitenje n'kuika kunsi kwa mutu. Wina mwa oonerera anafuula kuti tiike supuni m'kamwa.

"Supuni mukadyere phala kwanu!" anatero azakhali. "Futukani, apume mpweya. Ireen, akasiya kugwedezeka tiwagoneke chammbali."

Tinatero. Patapita kanthawi anatsegula maso, osadziwa pamene ali. Nsungwi inali itawacheka pachipumi. Azakhali anawaitana dzina lawo lenileni, pang'onopang'ono, kangapo. Milomo inagwedezeka.

"Ndikumva," anatero.

Palibe anaseka.

Mawa lake tinapita nawo kuchipatala. Pabenchi la odikira panali anzawo a matenda omwewo, odziwana kalekale chifukwa chokumana pamzere. Bambo wina anali ndi nkhama zotupa mpaka mano kuoneka aafupi. Anati ndi mtundu wa mapiritsi amene iye amamwa, ndipo anabwera kudzapempha kuti amusinthire. Mayi wina anati ake atangoyamba ankamupatsa chizungulire, nthawi zina mwamuna wake ankamuona ngati alipo awiri.

"Mmodzi yemweyo amandikwana," anatero mayiyo. "Ndinadzanena msanga, anandichepetsera."

Amalume anamvetsera mwatcheru. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kumva kuti munthu angathe kudandaula za mankhwala popanda kuoneka wosayamika.

Anamwino anali mayi wamfupi, a Jessie. Anatsuka bala, kenaka anawakalipira mwaulemu. Anati mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litazolowera, ndipo kugwa kumene kumabwera pambuyo pake kungakhale koopsa kuposa koyamba. Amalume anafotokoza za chinkhoswe ndi za tulo, akuyang'ana pansi.

"Tulo timeneti tinayamba liti, bambo?"

"Tinabwera limodzi ndi mapiritsi."

"Zaka zonsezi osanena? Chabwino. Mumamwa nthawi yanji?"

"Nthawi imene munalamula. M'mawa, dzuwa likangotuluka theka. Sindinaphonyepo."

A Jessie anasiya kulemba. "M'mawa? Tabweretsani kajumbo kanu."

Amalume anatulutsa m'thumba la jekete kajumbo ka pulasitiki kamene mapiritsi amabweramo. Ine ndinali ndisanakagwirepo, chifukwa ankakasunga ngati chiphaso. Panali zithunzi zitatu: kumanzere dzuwa latheka pamzere, pakati dzuwa lathunthu, kumanja dzuwa lathekanso pamzere. Mawu a kunsi anali a Chingerezi, chimene amalume ndi azakhali sawerenga. Cholembera chinachonga chithunzi cha kumanja.

"Bambo, ili ndi dzuwa lolowa. Mankhwalawa ndi a madzulo, pokagona, kuti tulo take tizikupezani muli kale pamphasa."

Amalume anatenga kajumboko, anakayang'ana pafupi, anakayang'ana patali.

"Pepani amayi, ndinu ophunzira," anatero, "koma ili si dzuwa lolowa. Phiri lili kuti?"

"Phiri lanji?"

"Munabadwira kuno? Tulukani madzulo muone. Dzuwa la kuno likamalowa limagwera kuseri kwa mapiri a ku Dedza, likadali m'mwamba. Pamzere wowongoka chonchi limakhalapo m'mawa pokha, kuchidikha. Ndiponso ndikakhala pakhonde panga limatulukira kudzanja lamanja, mmene mwachongeramu."

"Nanga la kumanzereli mumati ndi la chiyani?"

"Ilo ndinkati ndi la anthu a kutsidya kwa nyanja. Kwawoko ndiye limalowera pamadzi. Boma limajambulira anthu onse."

A Jessie anagwira pakamwa. Mapewa awo anagwedezeka. Azakhali anayamba kuseka, kenaka misozi, kenaka kusekanso.

"Zaka zonsezi, bambo a Mwayi! Pemphero lija! Mbuzi zija!"

"Musandiseke ine," anatero amalume. "Museke wojambula. Munthu ameneyo sanafikepo ku Mtakataka."

Anamwino anatenga cholembera, najambula phiri lalikulu la nsonga ziwiri pa dzuwa la kumanja. "Lilipo tsopano?"

Amalume analiyang'ana mosamala. "Lafupika pang'ono, koma ndi lomwelo."

Adokotala atawaona anati ayambirenso mankhwala madzulo omwewo. Anawachenjeza kuti tulo sitidzatha tonse, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, koma tambiri tizithera usiku. Ngati tipitirira kuvuta abwerenso, pali njira yochepetsa kapena kusintha, koma wochita zimenezo ndi achipatala, osati iwo, ndiponso osati nkhuku. Nkhani ya msoti azakhali anali ataifotokoza kale pabenchi ponse.

Chinkhoswe chisanafike panadutsa masabata angapo. Amalume anasamutsira kapu yobiriwira ku madzulo. M'mawa ankadzuka mutu uli wolemera pang'ono, ndipo akadya masana ankasinzabe, koma monga mmene amasinzira munthu aliyense wokhuta mwezi wa Okutobala. Msoti unachira. Kwa masiku angapo unkapitabe kuseri kwa khonde kukapalasa, n'kubwerako wokhumudwa.

Tsiku la chinkhoswe kunatentha kwambiri. Anthu a ku Golomoti anabwera ndi nkhoswe wawo, a Samson, bambo wamtali wa mawu ngati wailesi. Mbiri inali itawafika kale. Polandira msoti anaukweza m'mwamba n'kuuyang'ana m'maso.

"Akuchikazi, tamva kuti kwanu kuno nkhuku zimagona masana. Ndi imeneyi?"

Anthu anaseka. Fagness anaweramitsa mutu m'chitenje. Azakhali anali kumbuyo kwa amalume, kachidutswa ka nsungwi kali m'manja, kokonzekera kubaya.

Amalume anaimirira pang'onopang'ono, nakonza jekete.

"Ndi yomweyo, a Samson. Yagona, yapumula, yatha nazo za tulo. Ikafika kwanu ndi ntchito yokhayokha. Koma tambala mwatipatsayu ndikumuona maso ofiira. Timuyese kaye mawa ngati amadzuka."

Nthungululu zinalira. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndipo amalume, ataona kuti bwalo lili m'manja mwawo, sanakhalenso pansi.

Analankhula. Anayamba ndi mmene Fagness anabadwira, nthawi ya mvula, mtsinje utadzaza. Anafotokoza mbumba yathu kuyambira kwa agogo a agogo. Analangiza Lovemore za ulimi wa thonje, za kukwera lole, za kumvera mkazi akati tiyeni kuchipatala. Anafanizira banja ndi lichero, kenaka ndi dengu, kenaka anabwereranso ku lichero chifukwa anali ataiwala mfundo ina. Mawu onse amene anawagonera zaka zija anatuluka tsiku limodzi. Mthunzi wa mtengo unasuntha, anthu n'kusuntha nawo. Ana anagona pamiyendo ya amayi awo. Achinyamata a zoimbira anakhala pa sipika.

Amayi anandinong'oneza kuti, "Iwe, Babitoni uja ali kuti? Mwina theka lokha."

Pomaliza amalume anatembenukira kwa mnzawo. "Kodi si choncho, a Samson?"

A Samson anali atatsamira mpando, msoti uli pamiyendo, chibwano pachifuwa. Wina anawagwedeza. Anadzidzimuka, nkhuku n'kukupiza mapiko.

"Ee, ee, tikumva!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Azakhali anabayabe amalume ndi kansungwi kaja, koma pofuna kuti akhale pansi. Fagness anadzagwada pamaso pawo pambuyo pake, nagwira dzanja lawo la chipsera ndi manja awiri. Amalume anangoti, "Pita bwino, mayi. Ukavutika, amalume ako ali maso."

M'mawa mwake tambala wa ku Golomoti analira nthawi yake. Ndikusesa, ndinaona amalume akutuluka ndi kapu yobiriwira, mapazi atawatengera okha kumapeto kwa khonde. Anaima, nadikira. Dzuwa linatuluka theka, linakhala pamzere wake. Dzanja linapita kuthumba la jekete, n'kuima panjira. Anayang'ana dzuwalo kanthawi, akupukusa mutu.

"Iwe ndiye unandinamiza," anatero.

Anamwa madzi okha, otsala anathirira nkhuku m'phale, natenga mpeni ndi mtolo wa nsungwi kupita kumsewu.